Maere a Kompyuta: Mmene Tsamba la pa Intaneti Limasinthira Zithunzi

Nkhani yathu ya lero tiiyambira ku Mua, m'boma la Dedza, patsinde pa mapiri amene amayang'ana chigwa cha Bwanje. Inu amene munayendapo pamsewu wodzera pa Golomoti ndi Mtakataka mukudziŵa kuti dera limeneli ndi la amisiri. Mishoni ya Mua inakhazikitsidwa ndi ansembe a White Fathers m'chaka cha 1902, ndipo mu 1976 Bambo Claude Boucher, wochokera ku Canada, anayambitsa pamenepo malo a zaluso ndi chikhalidwe otchedwa Kungoni. Kumeneko kwaphunzira amisiri ambiri osema mitengo, ndipo m'nyumba yosungiramo zinthu zamakolo ya Chamare muli zigoba za Gule Wamkulu zoposa 400.

Tsono tiyerekeze kuti amisiri 20 a kuderali agwirizana kutsegula tsamba lawo pa intaneti, kuti anthu akutali aone ziboliboli zawo ndi kuziitanitsa. Pachiyambi pa tsambalo pali malo a chithunzi chimodzi chokha chachikulu, chimene mlendo aliyense amayamba kuchiona. Kodi pakhale chiboliboli cha yani? Funso limeneli si laling'ono ai, pakuti amene akhala poyera ndiye agulitsa. Mukaika cha wapampando, ena adzati pali kukondera. Anthu akalephera kugwirizana pa zotere amachita maere, ndipo kompyuta nayo ingathe kuchita maere, kuti mlendo aliyense akatsegula tsambalo apeze chithunzi chimene chagwa panthaŵi imeneyo.

Kuti timvetse bwino, tidziŵe kaye kuti tsamba silikhala m'foni mwanu. Limakhala m'kompyuta ina imene siizima usana ndi usiku, yotchedwa seva, ndipo mwina ili kutali ku Johannesburg kapena ku London. Mukalemba dzina la tsamba, foni yanu imatumiza pempho kwa sevayo, ndipo iyo imayankha. Masamba oyambirira, pamene Tim Berners-Lee anatsegula loyamba ku Geneva mu 1991, anali ngati chidziŵitso chokhomedwa pamtengo: aliyense wodutsa amaŵerenga zomwezo. Pambuyo pake anthu anayamba kulemba malangizo oti seva izitsatira isanayankhe. Pamenepo seva inasanduka ngati kalaliki amene amalembera munthu aliyense kalata yakeyake. Chiyankhulo chimodzi chotchuka cholembera malangizo otere ndi PHP, chimene anachiyambitsa Rasmus Lerdorf ndi kuchitulutsa poyera mu 1995.

Malangizo a maere athuŵa ndi aafupi ndithu, mizere yoŵerengeka chabe. Seva imatsegula foda mmene muli zithunzi ndi kulemba mndandanda wa maina ake. Kenaka imapatsa chithunzi chilichonse nambala, ndipo pajatu makompyuta amakonda kuyamba kuŵerenga pa 0, choncho zithunzi 20 zija zimakhala kuyambira 0 kulekeza 19. Ikatero imatola nambala imodzi mwamaere, niika chithunzi cha nambala imeneyo m'tsamba, nitumiza. Foni ya mlendo sidziŵa n'komwe kuti kunachitika maere. Imangolandira tsamba lopsa kale. Mmisiri watsopano akaloŵa m'gulu, mumangoponya chithunzi chake m'foda muja, ndipo seva idzachiŵerengera yokha.

Pali ubwino wina umene ife a kuno kwathu tiyenera kuuganizira. Masamba ena amaonetsa zithunzi zambiri zosinthanasinthana, ndipo kaŵirikaŵiri zonsezo zimatsikira m'foni. Ngati chithunzi chilichonse chili ndi makilobaiti 300, zithunzi 20 zidzadya mamegabaiti 6 a bandulo yanu. Pamaere chimabwera chimodzi chokha. Munthu wa ku Mtakataka amene amagula bandulo ya tsiku limodzi adzauona yekha kusiyana kwake.

Koma kodi makina angachitedi maere? Kunena zoona, kompyuta ilibe mwaŵi kapena tsoka, imangotsata masamu. Imayamba ndi nambala imodzi imene akatswiri amaitcha mbewu, niichulukitsa, niisakaniza, mpaka patuluke nambala zimene munthu sangaone dongosolo lake. Njira imodzi yodziŵika, yotchedwa Mersenne Twister, anaikonza akatswiri aŵiri a ku Japan, Makoto Matsumoto ndi Takuji Nishimura, m'chaka cha 1997, ndipo PHP ili nayo. Mukaipatsa mbewu yomweyo kaŵiri, idzatulutsa nambala zomwezo mundondomeko yomweyo. Pa zithunzi zimenezi sizidetsa nkhaŵa. Pa nambala zachinsinsi za ndalama ndiye pamafunika njira zina zolimba.

Apa ndiye pamene amisiri athu angakhumudwe. Anthu ambiri amaganiza kuti maere ndi chimodzimodzi kusinthana, monga amachitira alimi a mpunga a ku Bwanje pogaŵana madzi a mumtsinje wa Namikokwe, lero uyu maŵa uyo. Si choncho. Maere alibe chikumbumtima, sakumbukira amene wagwa dzulo. Masamu amasonyeza kuti pa zithunzi 20, munthu akatsegula tsambalo kasanu n'kamodzi kokha, mpata woti waona chithunzi china kaŵiri umapitirira theka, uli pa 56 mwa 100. Ndipo kuti aone zonse 20, pamafunika kutsegula pafupifupi ka 72, tikatenga pakatikati. Tsono mmisiri wina adzatsegula kakhumi osaona chiboliboli chake, pamene cha mnzake chatuluka katatu, ndipo adzalumbira kuti mnyamata wa kompyuta uja wadyetsedwa. Mnyamatayo alibe mlandu. Ngakhale kampani ya nyimbo ya Spotify inakumana nazo zomwezi: omvera anadandaula kuti nyimbo za woimba mmodzi zikutsatana, ndipo mu 2014 inasintha kasakanizidwe kake kuti kasakhale ka maere enieni, koma kooneka kachilungamo m'makutu a anthu.

Mankhwala ake alipo. M'malo motola chithunzi n'kuchibwezeranso m'dengu, seva isakanize zonse kamodzi monga amachitira oseŵera juga ndi makadi, kenaka izitulutsa chimodzichimodzi mpaka zithe, ndiyeno isakanizenso. Njira ya kusakaniza kotere inafotokozedwa ndi Ronald Fisher ndi Frank Yates mu 1938, akugwiritsa ntchito pensulo ndi pepala. Imafuna kuti seva izisunga chikumbutso cha pamene yalekezera, choncho ntchito imachulukirapo pang'ono. Ine ndiona kuti pamene pali malonda a anthu ambiri, njira imeneyi ndiyo yosunga mtendere.

Nthaŵi zina mudzaona chithunzi chitakakamira chimodzimodzi ngakhale mutsegule kangati. Chifukwa chake n'chakuti foni imasunga zimene inalandira kale kuti isavutike kuitanitsanso. Wolemba malangizo ayenera kuuza seva kuti izichenjeza foni kuti tsamba limeneli lisasungidwe.

Chotsala ndi chimene makina sangachite. Seva imatola ili chitsinzire. Siidziŵa chimene chili m'chithunzi. Ngati mawu ofotokoza aikidwa padera, chiboliboli cha Achisale chidzatuluka ndi dzina la Aphiri, ndipo ndalama zidzapita kolakwika. Chithunzi, dzina la mwini wake ndi mtengo wake zimangidwe mtolo umodzi, maere azigwera mtolo wonsewo. Ndiponso foda ija isakhale dzala lotayamo chilichonse chimene chajambulidwa. Bungwe la UNESCO linalemekeza Gule Wamkulu mu 2005 monga chuma cha anthu onse, koma ulemu umenewo sunachotse mwambo. Zilipo zimene zimaonekera pabwalo, pamaso pa mudzi wonse, ndipo zilipo za kudambwe, zimene ndi za oloŵa okha. Chithunzi chimodzi chotere chikaloŵerera m'foda, mwina padzapita masiku osaoneka, eni tsamba n'kumati zonse zili bwino, kufikira tsiku limene maere adzachigwera pamaso pa mwana wa sukulu kapena pa mlendo wa kutsidya kwa nyanja. Chimodzimodzinso nkhope za ana ndi za anthu amene sanavomere kujambulidwa. Tsono zithunzi zisanaperekedwe kwa mnyamata wa kompyuta, ziyambe zayalidwa pamphasa, akuluakulu a mudzi ndi eni gule aziona chimodzichimodzi, anene choloŵa m'dengu ndi chotsala kunja.

Nthaŵi yathu yathera pamenepa. Tsalani bwino nonse.