Jakisoni wobaya kawiri pachaka wochepetsa mafuta m'magazi

Mafuta oipa a kolesitolo akachuluka m'magazi mwanu, amatseka mitsempha pang'onopang'ono inu osamva ululu, mpaka kuyambitsa sitiroko kapena matenda a mtima.

Jakisoni wa inclisiran, yemwe anavomerezedwa ku Ulaya mu 2020, ali ndi kachidutswa ka RNA komwe kamaletsa chiwindi kupanga puloteni ya PCSK9. Puloteniyi ikachepa, chiwindi chimachotsa mafutawo mosavuta, ndipo amatsika ndi pafupifupi theka. Mukabayitsa koyamba, mumabwereza pakatha miyezi 3, kenako miyezi 6 iliyonse.

Koma ndi wodula kwambiri, ndipo madokotala amayambabe ndi mapiritsi a statin. Choncho musadikire jakisoniyu. Ngati muli ndi shuga kapena BP, funsani pachipatala cha boma cha Chikwawa kapena Nsanje za kuyezetsa mafuta m'magazi.