Mpira wa Kambalu ndi galimoto yawaya: zaluso zomwe woonera amaloledwa kuzigwira

Sharpevale, Ntcheu: Pamalo ochitira malonda a Sharpevale m'chigwa cha Bwanje, monganso m'madera ena a m'mbali mwa msewu wa M5, si zachilendo kuona mwana akuyendetsa galimoto yawaya kapena anyamata akusewera mpira wachikulunga. Ambiri amaziona ngati zidole chabe, koma zinthuzi zili paubale ndi mtundu wina wa ziboliboli zamakono womwe wakhazikika m'nyumba zoonetsera zaluso za m'maiko ambiri.

Anthu a dera lino anazolowera ziboliboli zosema pamtengo monga za ku Kungoni ku Mua m'boma la Dedza, malo omwe anakhazikitsidwa ndi Bambo Claude Boucher m'chaka cha 1976. Zimenezi munthu amaziyang'ana ali chapatali. Ziboliboli zamakonozi zikusiyana nazo m'njira ziwiri. Poyamba, mmisiri amagwiritsa ntchito katundu wopangidwa mochuluka kufakitale monga waya, zitsekero za mabotolo, mapepala kapena masiwiti. Kachiwiri, ntchitoyo siikhala yathunthu kufikira woonera ataigwira, kuisuntha kapena kuseweretsa.

Mmalawi wodziwika kwambiri pa lusoli ndi a Samson Kambalu, omwe anabadwa m'chaka cha 1975 ndipo anaphunzira ku Kamuzu Academy komanso ku Chancellor College ku Zomba. M'chaka cha 2000 iwo anatenga mpira wamiyendo n'kuumata ndi masamba a Baibulo, ndipo anautcha Holy Ball. Anthu obwera kudzaona amapemphedwa kuusewera.

Apa ndi pomwe pagona mphamvu ya ntchitoyi. Mpira ndi Baibulo ndi zinthu ziwiri zomwe Amalawi amazikonda, koma china amachimenya ndi phazi pomwe china amachigwira mwaulemu. Munthu woimirira pafupi ndi mpirawo ayenera kusankha yekha kuumenya kapena kuusiya, ndipo chisankho chakecho n'chimene chimaonetsa mmene iye amaonera chipembedzo ndi masewero. Ena akhoza kuona ngati mwano, ena ngati mwayi wodzifunsa. A Kambalu pambuyo pake anakhala pulofesa pa yunivesite ya Oxford, ndipo chiboliboli chawo cha John Chilembwe, chotchedwa Antelope, chinaimikidwa pa Trafalgar Square ku London m'chaka cha 2022.

Kunja kwa dziko lino kuli zitsanzo zina. M'chaka cha 1991 Felix Gonzalez-Torres, yemwe anabadwira ku Cuba, anaunjika masiwiti olemera pafupifupi makilogalamu 79 pakona ya chipinda, kuimira thupi la wokondedwa wake yemwe anamwalira ndi matenda a Edzi. Mlendo aliyense amatenga siwiti, ndipo muluwo umachepa monga momwe thupi la wodwala limathera. Naye El Anatsui wa ku Ghana amalumikiza ndi waya zitsekero za mabotolo a mowa n'kupanga zinthu zonga nsalu zikuluzikulu, ndipo amalola oonetsa kuzipachika m'mene afunira. M'chaka cha 2015 analandira mphotho ya Golden Lion pa chionetsero cha ku Venice.

Galimoto yawaya nayo inafika kutali. M'chaka cha 1990 Karen Lynn Williams anatulutsa buku la ana lotchedwa Galimoto, lofotokoza za mnyamata wa m'dziko muno wotolera waya kuti apange galimoto yake. Mwana wotere amayeza, amapinda, amalumikiza chiwongolero ndi mateyala, ndipo ntchito yake imaoneka kukoma pokhapokha ikamayenda.

Nkhaniyi ikukhudza ogwira ntchito m'boma m'magawo atatu. Gawo loyamba ndi umwini. Lamulo loteteza ntchito zaluso la m'chaka cha 2016, lomwe bungwe la COSOMA limayang'anira, limateteza ntchito ya mmisiri posatengera mtengo wa zipangizo zomwe wagwiritsa ntchito.

Gawo lachiwiri ndi kasungidwe. Chinthu chomwe anthu akuchigwira tsiku ndi tsiku chimatha msanga. Nyumba zosunga ntchito ya Gonzalez-Torres zimangoonjezera masiwiti potsata malangizo a mwini wake. Choncho ofesi yogula kapena kuonetsa ntchito yotere iyenera kugwirizana ndi mmisiri polemba za yemwe adzakonze zoonongeka ndi zomwe zingasinthidwe.

Gawo lachitatu ndi chilengedwe. Boma linaletsa mapulasitiki opyapyala osafika mamaikuloni 60 m'chaka cha 2015, ndipo bwalo la Supreme linagwirizana ndi chiletsochi m'chaka cha 2019. Zaluso sizingathetse zinyalala m'misika, koma mpira umodzi wokulungidwa ndi majumbo otola pamsika umaonetsa anthu kuchuluka kwa zomwe amataya.

Alangizi a zamaphunziro ndi aphunzitsi a phunziro la zaluso m'sukulu za pulaimale za ku Bwanje sakufunika kudikira zipangizo zodula kuti ayambe. Waya, zitini ndi zitsekero zilipo kale pamsika, ndipo ana odziwa kuzipinda ali kale m'makalasi mwawo.