MA APP OLIPIRA: NDAWAYESA PA BODA YA MCHINJI, ATATU OKHA NDIWO ATSALA

Foni zamakonozi zayamba kupempha ngati mlamu wa ulova. Ukangoitsegula, kauthenga katulukira: lipirani pang'ono kuti musamaone zotsatsa malonda, lipirani pang'ono kuti mumve nyimbo popanda chosokoneza. Pang'ono pang'onoyo ndiye amamaliza ndalama ya ndiwo.

Ndinatenga sabata ziwiri ndikuyesa timapulogalamu timeneti, tomwe achinyamata amangoti ma app, pa boda ya Mchinji. Ndinasankha malo amenewa dala. Chitsegulireni ofesi imodzi ya Mchinji ndi Mwami mu December 2022, pa mwambo womwe panali Dr Lazarus Chakwera, mtsogoleri wa dziko lino panthawiyo, ndi Hakainde Hichilema wa ku Zambia, wapaulendo amadinditsa mapepala ake malo amodzi. Pamadutsa mathiraki, amayi a geni ya zitenje, ogula soya ndi mtedza, anyamata a kabaza. Ngati app ili ndi phindu, anthu amenewa ndiwo angalione msanga.

Ndinayamba ndi yowerengera ndalama zakunja, poti pa boda nkhani ndi kwacha ziwiri, yathu ndi ya ku Zambia. Imagwira bwino ndithu, ndipo yaulere ndi yolipira zimapereka nambala imodzimodzi. Vuto ndi loti nambalayo ndi ya m'mabanki. Mnyamata wosintha ndalama ndinamuonetsa, anangoseka n'kundiuza kuti ndikasinthe mufonimo. Mtengo wa pamsewu umayendera kusowa kwa ndalama zakunja tsiku limenelo, ndipo app siidziwa zimenezo. Yaulere ikhale, ikuthandizeni kudziwa ngati akukudyerani masuku pamutu mopitirira muyeso. Koma kuilipira ayi.

Yomasulira zilankhulo nayo sindinachedwe nayo. Google Translate inayamba Chichewa mu 2014 ndipo ndi yaulere, ndiye ina yolipira ya chiyani? Komanso ku Chipata womasulira ngwa ntchito yanji? Mukafunsa mtengo wa shuga akuyankhani m'chilankhulo cha agogo anu.

Pa nyimbo m'pamene ndinakhalitsa. Spotify inafika kuno ndi ku Zambia mu 2021. Ukalipira umatha kusunga nyimbo mufoni n'kumamvera popanda intaneti, zomwe kwa dalaivala wa thiraki wogona pa mzere kudikira mapepala ndi chinthu chenicheni. Koma taonani pamene pagona nkhani. Ma app ambiri akunja amafuna khadi ya banki ya Visa kapena Mastercard, ndipo mtengo wake muzu wake ndi dola. Kwacha itagwa ndi 25 peresenti mu May 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu November 2023, chilichonse cholipira m'madola chinakwera osakufunsani. Kwa mayi wogulitsa tomato amene ndalama zake zonse zili ku Airtel Money kapena TNM Mpamba, kulipira kotereku si kophweka.

N'chifukwa chake anthu kuno amangopatsirana nyimbo pa Xender, foni ndi foni, popanda bandulo, kapena kupita kwa mnyamata wa kompyuta pamsika kuti awadzadzire memori khadi. N'zotchipa, sindikana. Koma woimba uja amene anagulitsa mbuzi kuti alipire situdiyo sapezapo ngakhale tambala, ndipo a COSOMA akhala akudandaula za umbava wa nyimbo kwa zaka zambiri. Amene muli ndi khadi ndipo nyimbo ndi moyo wanu, apa pokha ndinganene kuti lipirani.

Tsono pali msampha wina womwe ndikufuna muumvetse. App ina yokonzera zithunzi, dzina ndisunga, inandilonjeza masiku 7 aulere. Koma isanatseguke inafuna kaye nambala ya khadi. Mawu akuti tsiku la 8 adzayamba kudula okha mwezi ndi mwezi analembedwa ting'onoting'ono ngati nyerere, pansi penipeni. Ndinailetsa tsiku la 6. Dziwani kuti kufufuta app mufoni sikuimitsa kudulako. Muyenera kulowa mu Play Store, pamene palembedwa Subscriptions, n'kuletsa pomwepo. Anthu ambiri amangodabwa kuti ndalama ku banki zikuphwa ngati chithaphwi mu October.

Ina yobwereketsa ndalama inandipempha chilolezo choona manambala onse a mufoni mwanga, mauthenga ndi zithunzi zomwe. Ngongole ndi yanga, manambala a apongozi anga akuwafuna chifukwa chiyani? Ndinaichotsa isanamalize n'komwe kufunsa. Za kandege kaja sindinenapo zambiri, poti aliyense pa siteji ya kabaza ali ndi mnzake amene njinga inauluka nako.

Zodabwitsa n'zakuti zimene zinandithandiza kwambiri sizinafune tambala kupatula bandulo. WhatsApp inasiya kulipiritsa dola imodzi pachaka mu 2016, ndipo WhatsApp Business, yomwe inabwera mu 2018, imalola wamalonda kuika zithunzi za katundu ndi mitengo yake pamalo amodzi. Mayi wina wa zitenje anandionetsa mmene makasitomala ake a ku Lilongwe amasankhira nsalu iye asanawoloke n'komwe, n'kumutumizira ndalama pa foni. Sagula katundu wongoganizira. Google Maps nayo imalola kusungiratu mapu a Chipata mufoni mudakali mbali ino pa bandulo yanu, n'kukawagwiritsa ntchito kutsidya intaneti mutazimitsa.

Ndiye mufoni mwanga mwatsala atatu: wa nyimbo wolipira, WhatsApp Business ndi mapu.

Chinthu china chimene palibe app ingakuchitireni: mukayandikira Mwami, foni imatha kulumphira yokha pa netiweki ya ku Zambia inu muli chiimire pa dothi la Malawi, ndipo mayunitsi amayamba kudyeka pa mtengo wa kunja. Lowani mu Settings, zimitsani data roaming, ndipo netiweki musankhe nokha ndi chala chanu musanatsike minibasi.