Dzina la galimoto lokha silikwanira pogula torque converter

M'matauni monga Mponela, Balaka ndi Ntcheu muli mabanja ambiri amene amadalira kagalimoto kamodzi kakale. Komweko ndi kamene kamayenda ngati takisi, kubweretsa ndalama ya fizi ya ana komanso kuthamangitsira odwala kuchipatala usiku. Zambiri mwa galimotozi n'zochokera ku Japan kudzera pa doko la Dar es Salaam, ndipo zimasintha zokha magiya.

Galimoto zotere zili ndi chipangizo chonga mphika wachitsulo wotsekeka pakati pa injini ndi giyabokosi. Dzina lake ndi torque converter. M'kati mwake mumakhala mafuta ofiira a ATF. Injini ikamalira, mapiko a mbali imodzi amakankha mafutawo, ndipo mafutawo amazunguza mapiko ena amene amapereka mphamvu ku giyabokosi.

Chipangizochi chikayamba kutha, galimoto imanjenjemera ikafika pa liwiro, imalira kwambiri koma osathamanga, ndipo mafuta amada n'kumanunkha kupserera. Komatu zizindikiro zomwezi zimaonekanso mafuta akachepa kapena giyabokosi ikaonongeka. N'chifukwa chake makaniko wodziwa ntchito amayamba wayeza mafuta asanauze mwini galimoto kuti akagule china.

Vuto lalikulu limabwera pogula. Ambiri amangofika kushopu ku Limbe kapena ku Lilongwe n'kunena kuti akufuna cha Corolla. Koma Corolla zilipo zamitundumitundu. Ya AE110, imene inayamba kupangidwa mu 1995, ili ndi injini ya 5A-FE, pomwe ya NZE121 ya mu 2000 ili ndi injini ya 1NZ-FE ndi giyabokosi ya U340E. Torque converter ya imodzi siingalowe pa inzake.

Pa galimoto za Toyota nambalazi zimalembedwa pa kachitsulo kamene kali kunsi kwa boneti kapena pa mphuthu ya chitseko. Wogula ayenera kukopera nambala ya galimoto, ya injini ndi ya giyabokosi, kenaka anyamule chipangizo chakalecho kuti akachifananize ndi chatsopano. Aone kukula kwake, mabowo a mabawuti, kutalika kwa khosi lake ndi mano a m'kati. Ngati n'chogwiritsidwapo kale ntchito, apendeke kuti aone mafuta otsalira. Akapezamo tizidutswa tachitsulo, achisiye. Ndi bwinonso kugwirizana ndi wogulitsa kuti adzachibweza chikakana, ndipo zimenezi zilembedwe pa lisiti.

Pomanga, makaniko ayenera kuthiramo mafuta n'kuchizunguza pang'onopang'ono mpaka chitakhazikika m'giyabokosi. Kuchikakamiza ndi mabawuti kumaswa pampu ya mafuta, ndipo zikatero banja limagula giyabokosi yonse pomwe likanangogula chipangizo chimodzi.

Akulu anati safunsa anadya phula. Kukopera nambala zitatu pa pepala sikudya ndalama, koma kungapulumutse ndalama ya fizi ya teremu yonse.