Kukazizidwa dala chifukwa cha mbalame ku Teesmouth

Mwezi wa Disembala kuno ku Middlesbrough dzuwa limatuluka itadutsa 8 koloko m'mawa, ndipo isanakwane 4 koloko madzulo limakhala litalowa kale. Ife anamwino a mashifiti aatali timalowa m'chipatala kuli mdima, kutulukanso kuli mdima. Tsiku lopuma likafika, ambiri timangodzitsekera m'nyumba, hita yoyatsa, foni m'manja, kudikira Malichi. N'chifukwa chake Loweruka likubwerali ndikulawirira kukaona mbalame ndi anzanga a Teesmouth Bird Club, gulu lomwe linayamba mu 1960.

Ndikudziwa ena mwaseka kale. Kwathu mbalame timaiona ndi diso la ndiwo: legeni, ulimbo, kenako mchere. Kuno munthu amaima pamphepo maola atatu ndi magalasi oonera patali, n'kubwerera chimanjamanja koma akumwetulira. Za legeni iwalani ndithu, chifukwa lamulo la 1981 limateteza mbalame zakutchire, ngakhale zija zimakulandani tchipisi ku Redcar.

Ndipo zomwezo ndi zimene tikukaona, mbalame za kunyanja zotchedwa gull. Amene munakulira ku Mangochi kapena ku Chilwa munaonapo mbale wake wamutu wotuwa akuuluka pamwamba pa asodzi. Kwa mlendo zonse zimaoneka zofanana, zoyera, zaphokoso. Mukamayang'anitsitsa m'pamene mutu umazungulira. Herring gull imatenga zaka zinayi kuti ikhale ndi nthenga za mbalame yaikulu, ndipo chaka chilichonse imavala mosiyana, kuyambira mawangamawanga akhofi mpaka msana wotuwa bwino. Black-headed gull nthawi yozizira mutu wake wakuda uja umayera, n'kutsala kadontho kumbuyo kwa diso, dzina n'kukhala ngati bodza. Ine zimandikumbutsa ntchito ya muwodi, kumene zizindikiro zing'onozing'ono ndi zimene zimasiyanitsa matenda awiri ooneka ofanana.

Chimene chimawadzutsa usiku akamuna ndi amayi a gululi ndi alendo ochokera kumpoto kozizira kwambiri: glaucous gull ndi Iceland gull. Nsonga za mapiko awo n'zoyera, pomwe za herring gull n'zakuda. Ndiye mumasanthula gulu lalikulu la mbalame imodzi imodzi, kufuna ya mapiko oyerayo. Iceland gull, ngakhale dzina lili choncho, imaswana ku Greenland ndi ku Canada. Mwina tiiona, mwina ayi, palibe amene amalonjeza. Chinandidabwitsa n'chakuti herring gull, imene anthu amaitukwana m'tauni, ili pa mndandanda wofiira wa mbalame zimene zikuchepa mu UK kuyambira 2009.

Kukonzekera kwenikweni n'kwa zovala. Ku South Gare, khoma lolowa m'nyanja pamene mtsinje wa Tees ukuthirira mu North Sea, kulibe pobisala, mphepo imalowa mpaka m'mafupa. Jekete limodzi lalikulu silikwanira. Ine ndimavala zitatu zosanjikiza, chamkati chosasunga thukuta, juzi, ndiye jekete losalowa madzi. Jinzi ayi, ikanyowa imakuzizitsani tsiku lonse. Magolovesi, chipewa chobisa makutu, masokosi awiri, ndi fulasiki ya tiyi wa Chombe amene ndinabwera naye kuchokera kumudzi. Muonenso nthawi imene nyanja ikudzadza, pakuti madzi akamakwera mbalame zimasendera pafupi.

Woyamba kumene ndingamulangize ku RSPB Saltholme, tsidya lina la mtsinje, malo amene anatsegulidwa mu 2009. Kuli tinyumba toonera mbalame muli chikhalire, ndi podyera pofunda. Transporter Bridge inatsekedwa mu 2019, choncho muzungulire pa Newport Bridge. Magalasi musathamangire kugula, anthu a mbalame sauma manja, amakuitanani okha kuti musuzumire pa telesikopu yawo.

Monga namwino ndiwonjezere ziwiri. Mbalame yakufa kapena yodwala musaigwire, chimfine cha mbalame chapha zambiri m'magombe a dziko lino. Chachiwiri, dzuwa la Disembala kuno silipatsa thupi vitamini D ngakhale mutaima panja tsiku lonse. A NHS amalangiza mamaikirogalamu 10 patsiku nthawi yozizira, ndipo ife akhungu lakuda amati tiziganizira zomwa chaka chonse.

M'galimoto yanga muli malo a anthu awiri. Mnzanga wa ku Zomba wavomera kale kubwera, ati bola ndimubweretsere mandasi.