Lole ikasintha matayala, sipidomita imayamba kunama

Ana inu a ku Ntcheu malole mumawadziwa. Amadutsa pa msewu wa M1 usana ndi usiku, ena atasenza mbatatesi ndi kabichi za ku Tsangano, ena tomato wa pa Lizulu, ulendo wa ku Blantyre kapena ku Lilongwe. Amene munakwerako kutsogolo munaona kuti kuseri kwa chiwongolero kuli manambala oikidwa mozungulira, ndipo pakati pake pali kamuvi. Imeneyo ndiyo sipidomita. Kamuvi kakaloza pa 50, adalaivala amadziwa kuti akuyenda makilomita 50 pa ola. Koma kamuvi kameneka nthawi zina kamanama, ndipo amene amakanamitsa ndi matayala.

Sipidomita ilibe maso, msewu siiuona. Ntchito yake ndi kuwerenga kuti shafuti yotuluka m'giyabokosi ikuzungulira kangati. M'magalimoto akale muli kachingwe kachitsulo kamene kamazungulira kuchokera ku giyabokosi mpaka kuseri kwa manambala aja. M'magalimoto atsopano muli sensa imene imatumiza uthenga wa magetsi ku kompyuta. Koma zonse ziwirizi zinapangidwa poganizira tayala la saizi imodzi, lija lole inatuluka nalo ku fakitale.

Tiyerekeze kuti inu mukamapita kumjigo mumaponda ka 200 kuti mufike. Amalume anu amiyendo italiitali akaponda ka 200 komweko, mjigo adzaupitirira kutali. Kuwerenga n'kofanana, koma mtunda wasiyana. Tayala lalikulu ndiye amalumewo.

Tsopano tengani pensulo. Tayala lotalika mita imodzi kuchokera pansi kufika pamwamba likazungulira kamodzi limayenda mamita 3.14. Nambala imeneyi ndi ija ya masamu a zinthu zozungulira, imene aphunzitsi ena amailemba 22/7. Kuti lithe kilomita imodzi, tayalali lizungulira pafupifupi ka 318. Ndiye mwini lole aganize zoika matayala otalika mamita 1.1, mwina pofuna kuti mimba ya lole isamakhule miyala m'misewu yafumbi yopita kumadimba. Tayala latsopanoli likazungulira kamodzi limayenda mamita 3.45. Sipidomita palibe waiuza zimenezi. Iyo ikupitiriza kuwerenga mwakale, moti ikaloza 50 lole ili pa 55, ikaloza 80 lole ili pa 88. Apolisi apamsewu akaima ndi kamera yawo pa Kampepuza, kamerayo iona liwiro lenileni. Adalaivala adzalumbira kuti anali pa 50, ndipo sakunama dala ayi, koma chindapusa chiwapeza ndithu. Choopsa kuposa chindapusa n'chakuti lole yothamanga imafuna mtunda wautali kuti iime mwana akadumpha msewu.

Palinso chinthu china pansi pa lole. Suzumirani pakati pa matayala akumbuyo, lole itaima ndipo injini itazimitsidwa, muona chitsulo chonenepa chozungulira. Amakaniko amachitcha difu. M'kati mwake muli magiya a mano amene amalandira mphamvu ya shafuti n'kuipereka ku matayala. Pa difu ina shafuti imazungulira kanayi kuti tayala lizungulire kamodzi, pa ina kasanu. Ya kasanuyo imapatsa lole mphamvu yokwera zitunda itadzaza katundu, zimene wonyamula mbatatesi m'mapiri a ku Tsangano angazikonde. Koma mukachotsa ya kanayi n'kuika ya kasanu, bodza limatembenuka: kamuvi kaloza 50 pamene lole ikukwawa pa 40. Manambala owerenga makilomita amene lole yayenda nawonso amasokonekera, ndipo mwini wake amalephera kudziwa bwino nthawi yosinthira oyilo.

Nanga amakonza bwanji? Choyamba ndi kudziwa kukula kwa bodzalo. Masiku ano n'kosavuta, chifukwa foni ya GPS imayeza liwiro pogwiritsa ntchito masetilaiti, matayala alibe nayo kanthu. Wokhala pambali pa adalaivala amagwira foniyo n'kumafananitsa nambala yake ndi ya kamuvi. Njira ina ndi ya wotchi: galimoto yoyenda pa 60 imatha kilomita imodzi pa mphindi imodzi yeniyeni. Kamuvi kakaloza 60 koma galimoto n'kumaliza kilomitayo mphindi isanakwane, ndiye kuti sipidomita ikuchepetsa.

Akadziwa, amakaniko a lole yakale amamasula kagiya kakang'ono, kawirikawiri kapulasitiki, kamene kamazunguza kachingwe kaja m'giyabokosi. Matayala akakula amaikapo ka mano ochepa kuti kazizungulira mofulumira. Pa lole yatsopano amalumikiza kompyuta n'kulembamo saizi ya matayala atsopanowo, kapena amaika kabokosi kokonza uthenga wa sensa usanafike ku kamuvi.

Mungathe kuziyesa nokha pabwalo. Pemphani njinga ya akuluakulu ndi kanjinga ka mwana. Lembani chizindikiro ndi choko kapena khala pa tayala, pamene likugunda pansi, ndipo lembaninso padothipo. Kankhani njinga mowongoka mpaka chizindikirocho chigunde pansi kakhumi, kenaka yezani mtundawo ndi chingwe. Chitaninso chimodzimodzi ndi kanjinga kaja. Mukatha, phwetsani pang'ono tayala la njinga yaikulu, mnzanu akhale pachishalo, muyezenso kachitatu. Koma muyambe mwabwereka pampu.