Chilankhulo Chofunsira Nkhokwe za Kompyuta

Mwezi ukatha, azaumoyo a kwa Kuntaja, ku Chileka ndi ku Lirangwe amawonkhetsa ana amene alandira katemera ndi anthu amene adwala malungo, natumiza ziwerengerozo kwa akuluakulu a zaumoyo ku Blantyre. Zonsezi zimalowa m'pulogalamu ya DHIS2, yopangidwa ku yunivesite ya Oslo, ndipo iyo imazisunga m'nkhokwe yotchedwa PostgreSQL. Tsono nkhokwe yotere satapamo ndi dzanja ayi. Amaifunsa ndi mawu, ndipo chilankhulo chake ndi SQL.

Chilankhulochi anachiyambitsa Donald Chamberlin ndi Raymond Boyce a kampani ya IBM mu 1974. Bungwe la ANSI linakhazikitsa malamulo ake mu 1986, la ISO linawavomereza mu 1987, ndipo akhala akukonzedwa kufikira mu 2023.

Mphunzitsi wa Chichewa sadzadabwa ndi chimene chinatsatira. Malamulo a kalembedwe a mu 1973 sanathetse Chimang'anja m'kamwa mwa anthu a kummwera. Momwemonso nkhokwe iliyonse inasunga kalankhulidwe ka kwawo. Eni PostgreSQL amanena okha kuti pa mfundo 177 zofunika kwambiri m'malamulo a 2023 amatsata zosachepera 170. Uku ndi kudziyesa okha, pakuti bungwe la NIST la ku America linaleka kuyesa nkhokwezi mu 1996.

Kusiyana kwina n'kosaopsa. Wofuna mizere khumi yoyamba alembe FETCH FIRST, atero malamulo. Nkhokwe ya MySQL, imene a Baobab Health Trust anagwiritsa ntchito m'makina olembera odwala m'zipatala zambiri za m'Malawi, imangodziwa LIMIT. Ikamva mawu achilendo imakana poyera, ndipo mlembi amakonza pomwepo.

Choopsa chili pamene mawu ali amodzi koma tanthauzo lasiyana. M'malamulo, timizere tiwiri toimirira, ||, timalumikiza mawu, monga dzina la mwana ndi la bambo wake. Ku MySQL, ikakhala monga inabwerera osaisintha, timizere tomweto timatanthauza "kapena". Kotero funso lolembedwa bwino lomwe, likasamutsidwa kuchoka ku PostgreSQL, silikanidwa konse. Limayankhidwa ndithu, koma pamalo pa dzina la mwana pamatuluka 0 kapena 1. Kumeneko wolumikiza mayina ayenera kulemba CONCAT.